Chitini, Chitseko ndi Pakamwa

Kalekale, nkhondo itapsereza midzi ya kutsidya, anthu anathawira kuno n'kumanga misasa m'mphepete mwa dambo. Pakati pawo panali Lozaliya, namwali amene makolo ake anafera m'njira. Ankagona yekha m'kamsasa komwe chitseko chake chinali chiguduli.

Wogawa chakudya pamalopo ankamutcha Sikelo. Ena ankawapimira chimanga mosalaza ndi chikhato, koma chitini cha Lozaliya ankachidzaza mpaka kusefukira, amvekere: "Chikatha ubwere kunyumba, mwana'we, usavutike ndi mzere." Lozaliya ankangoti munthuyo ngwachifundo.

Anachisale, mayi wa diso limodzi, ndiwo anaona msanga. Anamulanda Lozaliya chitinicho, n'kukhuthulira chapamwambacho m'thumba la Sikelo anthu akuona. "Nyambo sinena kuti m'kati muli mbedza," anatero. "Ukamva njala, khomo langa ndi ilo." Kuyambira pamenepo Lozaliya ankadya nawo mbale imodzi, ndipo ana a Anachisale ankagona mimba zikulira.

Sikelo sanaleke. Anayamba kuzungulirazungulira kamsasa kaja. Anankhoma, mkazi wamasiye, ataona mapazi a nsapato pakhomopo, anazula chitseko chawo cha zitini zamafuta n'kukachikhoma kwa Lozaliya, iwo n'kutenga chiguduli chija. "Ine nkhalamba andibe ndani?" anaseka. Chisanu cha chaka chimenecho chinawalowa m'chifuwa, ndipo chifuwacho sichinawachokenso.

Wachitatu anali Anangondo, mkazi wa Sikelo yemweyo. Atamva mwamuna wawo akufunsa kumene Lozaliya amatola nkhuni, tsiku logawa chakudya anaima pamzere n'kukweza mawu: "Bambo a kunyumba kwangawa akusaka mwana uyu. Ndikunena ndine, amene ndimawaphikira!" Amayi anakhamukira kwa akuluakulu a pamsasapo, Sikelo anachotsedwa n'kuperekedwa kupolisi, ndipo kunkhuni amayi ndi atsikana anayamba kupita m'magulu. Anangondo banja linathera pomwepo, achibale a mwamuna anasiya kuwapatsa moni. Komatu tisabise: atsikana awiri anali atalira kale m'manja mwa Sikelo, Anangondo akudziwa, ali duu.

Nkhondo itatha, kunabwera malole atatu opita kumadera atatu otalikirana, ndipo amayi atatu aja aliyense anali ndi lole yake yokwera. Lozaliya analibe kwawo kobwerera. Anaima ndi kamtolo kake pamutu, mtima uli pawiri patatu.

"Kwera muno, mwana wanga," anatero Anachisale. "Wadya za ana anga, ndiwe m'bale wawo."

"Chakudya amapatsa ndi mlendo yemwe," anayankha Anankhoma akutsokomola. "Ine ndilibe wonditungira madzi. Chitseko chija sindinakubwereke, ndinakupatsa."

Anangondo sanakweze maso. "Ine sindikuitana. Ndinachedwa kulankhula, ndikudziwa. Kungoti kumene ndikupita kulibe wondilandira."

Madalaivala analiza mahutala. Lozaliya anayang'ana diso limodzi lija, anamva chifuwa chija, anaona manja opanda kanthu a Anangondo.

Tsono inu mwamva zonse. Wina anam'tsekula maso n'kumudyetsa, wina anam'tchinga ndi thanzi lake, wina anazula munga weniweniwo, ngakhale unali utalasa kale ana a eni. Ngongole ya moyo sagawa patatu ngati nsalu, ndipo mwanayo ndi mmodzi. Ndiuzeni, Lozaliya akwere lole ya ndani?