Ukwati wa Dzanja Lamanzere

Kalekale, dziko la Jeremani lisanakhale limodzi, kunali timaiko ting'onoting'ono, kalikonse ndi kalonga wake. Kena mwa timaikoto kanali Tannrode: nyumba yachifumu pamwamba pa phiri, midzi itatu ndi nkhalango, basi. Galu akauwa pakati pa dzikolo ankamveka m'maiko awiri oyandikana nalo. Komatu kunyada kwa banja lolamula kumeneko, eee, ngati kuti dzuwa linkatulukira pakhomo pawo.

Kalonga wa dzikolo, Eberhard, anakonda Walburga, mwana wa mmisiri wokonza mawotchi. Tsiku la ukwati kalonga anafika kutchalitchi atakulunga dzanja lamanja ndi nsalu, akuti hatchi yamuponda. Pomanga ukwatiwo anapereka lamanzere. Walburga anamva chisoni, nalilandira ndi manja awiri. Sankadziwa lamulo la mabanja achifumu akumeneko, loti wokwatiwa ndi dzanja lamanzere ndi mkazi ndithu, koma iye ndi ana ake alibe gawo pa ufumu.

Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu Walburga analera mwana wake mmodzi yekhayo, Dietmar, ngati kalonga wa mawa. Anakana kuti apite kukaphunzira ntchito kunja, ati wolowa ufumu sachoka pakhomo. Achibale a mwamuna wake ankamumwetulira pamaso, kuseri nkumakodolana. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Eberhard atamwalira, misozi isanaume nkomwe, panafika nthumwi ya mfumu ya dziko lalikulu loyandikana nawo.

"Pepani ndi zovutazi, mayi," inatero nthumwiyo. "Malemu sanasiye wolowa ufumu, choncho, monga mwa pangano lakale, Tannrode tsopano ali m'manja mwa mfumu yathu."

"Sanasiye?" anafunsa Walburga akuloza Dietmar. "Nanga wayima apayu ndi chitsa?"

Nthumwiyo inatsegula buku la maukwati la kutchalitchi pamene panalembedwa za dzanja lamanzere lija, nimuwerengera lamulo lonse. Walburga anamva manyazi, kenako ukali wosaneneka.

Anathamangira kuchipinda cha malemu, ndipo m'bokosi la zovala anapeza kalata ya dzina lake. Inati: "Walburga wanga, hatchi sinandiponde. Ndikanapereka lamanja, abale anga akanandichotsa pampando, dziko nkugwa tsiku lomwelo. Ndikanakuuza zoona, ukanandikana, ndipo ine popanda iwe sindikanakhala munthu. Undikhululukire." Munthu wamantha amalimba mtima akalowa m'manda, mwaona?

Atapinda kalatayo anatsetsereka phiri kupita kwa bambo ake, a Kaspar, amene anali atakalamba zedi. Anawapeza ataweramira wotchi.

"Bambo, mwamva mmene andigwiritsira fuwa lamoto?"

Mkuluyo sanadzutse mutu. "Ndinkadziwa, mwana wanga. Ndakonza mawotchi m'nyumba imeneyo kuyambira ndili mnyamata, malamulo awo ndimawadziwa. Koma unali kale ndi pakati. Ndikanayankhula m'tchalitchi muja, ukwati ukanathera pomwepo, iwe nkukhala choseketsa cha midzi itatu."

"Nanga zaka zonsezi, Bambo?"

"Unkasangalala. Ndinalibe mtima wokulanda zimenezo."

Walburga anakweranso phiri. Mtima unkamuuza kuti onse amupusitsa, koma mwana yekha ndiye wake, ndipo awiriwo adzamenyera limodzi mpandowo mpaka ubwerere. Anapeza Dietmar atakhala patebulo ndi nthumwi ija, cholembera chili m'manja, inki isanaume. Mfumu yaikulu inali itavomera kuti Dietmar ayang'anire Tannrode m'malo mwake. Koma anayenera kusaina kuti mpandowo sadzaufunanso, kuti mayi ake si a m'banja lachifumu, atuluke m'nyumbamo, ndipo akadzamwalira sadzaikidwa pafupi ndi mwamuna wawo.

"Wasaina, Dietmar?"

"Amayi, ndikanakana akanatuma asilikali ndi bwanamkubwa wachilendo. Anyamata a midzi yathu akanatengedwa kupita kunkhondo za eni ake. Ndakukonzerani kanyumba m'mphepete mwa nkhalango, simudzasowa kanthu."

"Ndinakubereka ndine," anatero Walburga. 

Lachitatu m'mawa antchito omwe kale ankamugwadira Walburga anakweza bokosi lake pangolo. Pachipata njira inkagawikana patatu: ina ya kumanda achifumu, ina ya kwa a Kaspar, ina ya kunkhalango. Woyendetsa ngolo anaimitsa hatchi, navula chipewa.

"Tiyambire kuti, mayi?"

Walburga anayang'ana njira zitatuzo, ndipo panalibe ngakhale imodzi yopita kwa munthu amene sanamupweteke.

Tsono mlanduwu ndautula kwa inu. Mwamuna ananama kuti asataye mkazi ndi mpando. Bambo anatseka pakamwa kuti mwana wake asachite manyazi. Mwana anakana mayi ake kuti midzi itatu ipulumuke. Onse atatu akuti ankamukonda. Mwa atatuwa, ndani anamupereka Walburga koposa anzake, ndipo mukanakhala inu pangolopo, mukanayamba kukhululukira uti?