Majekete a Che Jaffalie

Padoko la Lungwena panalibe munthu wodziwa nyanja ngati Che Jaffalie, ndipo amene ankanena zimenezi kawirikawiri anali Che Jaffalie eniake. Anali ndi boti la matabwa la injini lowolotsa amayi a geni ya usipa kupita tsidya lina.

Chaka china a komiti yoona za ngozi anawapatsa majekete khumi oyandamira m'madzi. Che Jaffalie anawalandira ndi manja awiri, nathokoza. Alendo atangotembenuka, anadula nsungwi khumi, n'kuziveka majeketewo, n'kuziimika pathandala loyanikapo usipa kuti ziziopseza akhwangwala. Ndipo tisanamizane, akhwangwala anaopadi.

Akazi awo, Abiti Nuru, anafunsa kuti, "Che Jaffalie, kodi majekete aja anapatsa inu kapena nsungwi?"

"Abiti, ine ndinabadwira m'bwato. Mwera ukamabwera ndimaumva m'bondomu kutatsala tsiku lathunthu."

Abiti Nuru sanatsutsane ndi bondo. Anangotolera zigubu zothera mafuta ophikira, natseka zivindikiro zolimba, n'kumanga chilichonse ndi chingwe cholowetsa mkono. Anazikankhira pansi pa mipando ya boti. Amuna awo anaseka mpaka kutsokomola, amvekere, "Mwatsegula golosale m'boti langa?"

Lachinayi lina mu Juni ananyamuka m'mawa ndi amayi asanu ndi mmodzi, komanso Abiti Nuru ndi dengu lawo. Nyanja inali bata, bondo lili zii. Atafika pakati, mwera unagwa osaodira. Funde loyamba linazimitsa injini, lachiwiri linadzaza boti.

Katswiri uja anaimirira n'kuyamba kulamula madzi kuti adekhe. Abiti Nuru ndiye anakuwa kuti, "Tayani madengu! Aliyense mkono m'chingwe, chigubu pachifuwa!" Mayi wina, Zena, anakakamira usipa wake akulira, iwo anamulanda n'kuuponya m'madzi. Funde lachitatu linagubuduza boti.

Apa m'pamene zinadziwika kuti kubadwira m'bwato si kudziwa kusambira. Che Jaffalie anali atasiya kusambira zaka makumi awiri zapitazo, mimba itakula. Anamira, navuuka, namiranso, ndipo dzina limene anaitana silinali la komiti kapena la bondo.

"Abiti! Abiti, ndikufa!"

Abiti Nuru anali kale patali, atagwira chigubu chawo. Anatembenuka n'kubwerera m'mafunde omwewo, nawagwira kolala, n'kuwalowetsa mkono m'chingwe chawocho. Abiti Nuru eniake anangotsala ndi nsonga ya chingwe m'dzanja. Anayandama choncho maola awiri, akumwa madzi, mpaka asodzi ochokera ku Monkey Bay anawatola onse asanu ndi atatu ali moyo. Boti ndi injini zinapita.

Madzulo ake galimoto inawatsitsa ku Lungwena, Che Jaffalie atafunda chitenje cha akazi awo, chigubu chikadali kumkono chifukwa zala zinakana kuchisiya. Pathandala paja nsungwi khumi zinali chiimire, zitavala majekete awo bwinobwino, ndipo panalibe ngakhale imodzi imene inamira.

Che Jaffalie anaziyang'ana nthawi yaitali mwamanyazi. Kenako anayamba kuzivula, imodziimodzi.

Abiti Nuru anafunsa motsitsa mawu kuti, "Nanga bondo lija linali kuti lero?"

Che Jaffalie anangopitiriza kuvula nsungwizo. Bondolo linalibe mlandu, pakuti chakudza sichiimba ng'oma.