Mkamwini Amene Anagubuduza Mgolo

Panali munthu wina amene anakwatira kutali ndi kwawo, nakhala chikamwini. Anali wofatsa, wolimbikira kumunda, wosayankhula pagulu. Akakumana ndi apongozi ake aakazi m'njira ankapatukira kutchire monga mwa mwambo, ndipo chikwatirireni anali asanawayankhulepo maso ndi maso.

Chaka china kunagwa mvula yoopsa. Zimbudzi zinagumuka, zonyansa n'kutsetserekera kudambo kumene kunali chitsime chakale. Kutsidya kwa dambolo anthu anayamba kutsekula m'mimba, ndipo ena ankafera m'njira asanafike kuchipatala. Ndi m'masiku omwewo mmene mkazi wa munthu uja anabereka mwana wawo woyamba.

Mukudziwa mmene timachitira mnzathu akakhala m'chikuta. Mayi aliyense amabwera ndi ndowa ya madzi kudzathandiza. Pakhomopo anaikapo mgolo, ndipo wofika aliyense ankakhuthulira momwemo. Onse ankatunga kumjigo. Koma mjigowo unali kumtunda, mzere wake wautali, ndipo apongozi aja miyendo inali itayamba kuwavuta.

M'mawa wina mkamwiniyo akupalira chimanga m'mphepete mwa dambo, anaona apongozi ake atagwada pachitsime chija. Anatunga, nasefa pansalu, madzi n'kuyera mbee. Anasenza okha, akupumira m'njira, pakuti ankamukonda mwana wawo. Mkamwini uja anasiya khasu nawatsatira chapatali. Pamene ankafika pakhomo, n'kuti ndowa itakhuthulidwa kale mumgolo.

Munthuyo anagwidwa ndi mantha. Anaima kuseri kwa nkhokwe. Mtima wina unkati ndi ndowa imodzi yokha pakati pa ndowa zambiri za kumjigo, ingalakwe chiyani. Mtima wina unkamuonetsa mkazi wake ali gone, maso atalowa, khanda likulira pabere louma. Akanawauza bwanji apongozi kuti madzi awo ndi oipa, iye wosaloledwa ngakhale kuwapatsa moni pafupi? M'chikuta mwamuna salowa. Pamoto pa amayi alibe mawu. Mkamwini asamakule mwendo, paja amatero.

Ali chiimire, mawu a mkazi wake anamveka m'nyumba: “Amayi, ndili ndi ludzu.”

Apongozi anatenga chikho nalunjika kumgolo.

Munthu uja sanaganizenso. Anathamanga, nawapitirira apongozi ake pafupi kwambiri, nakankha mgolo ndi manja onse awiri. Madzi a mudzi wonse anayenderera pabwalo mpaka kukhola la nkhuku.

Kenaka apongozi anakhala pansi, nafunda chitenje kumutu.

“Ndakalamba ndi madzi a pachitsime chimenechi,” anatero akulira. “Lero mwana wa eni wandiyesa mfiti pamaso pa anthu.”

Amayi ena anatola ndowa zawo n'kumapita akung'ung'udza. Mkamwiniyo anatsuka mgolo, natenga ndowa, nakwera kumjigo kukaima pamzere pakati pa akazi, iwo akumuseka. Atabwerako anasonkha moto yekha, nawiritsa madziwo, nawaika pakhomo pa chikuta kuti azizire. Anatero tsiku ndi tsiku mpaka mvula inatha.

Mlandu unakambidwa ndipo mkamwiniyo anagonja. Anapepesa ndi nkhuku. Apongozi analandira nkhukuyo, koma mpaka imfa yawo sanamwenso madzi pakhomo pake. Mkazi wake anatuluka m'chikuta ali bwino, mwana ali kumsana.

Ndikuona mukufuna kundifunsa ngati m'madzi aja munalidi matenda. Sindidziwa. Mwini wakenso sadziwa mpaka lero, ndipo zimenezi zimamusowetsa mtendere akakumbukira misozi ya mayi aja. Matenda amene sanabwere alibe mboni. Akanafuna umboni, akanaupeza pa thupi la mkazi wake.

Tsono inu amene mwakhala pano, mvula yayambanso, ndipo ine ndili ndi nkhawa. Madzi a kumjigo, a pachitsime chosavindikira ndi a kumtsinje amafanana m'maso, koma mukawasakaniza mumtsuko umodzi, onse amasanduka a kumene kuli koipitsitsa. Nsalu imachotsa matope okha. Funsani kumene madzi atungidwa, ndipo ngati mukukayika, wiritsani kapena thirani mankhwala a kolorini. Madzi amene adzakuphereni mwana sadzabwera ndi mdani. Adzabwera ndi munthu wokukondani, atawasenza yekha pamutu, ndipo inu mudzachita manyazi kumufunsa.