Mayi Amene Anagumula Mpanda Wake

Panali mayi wina wosoka zovala amene ankakhala m'tauni, kudera la nyumba zothithikana. Kuseri kwa nyumba yake kunkadutsa kamtsinje, koma panalibe amene ankakatchulanso mtsinje. Onse ankangoti ngalande. Majumbo, matewera, mabotolo ndi madzi otsukira mbale zinkathera mmenemo, ndipo aliyense anamanga mpanda wa njerwa kuti atseke fungo.

Mwamuna wa mayiyo anadwala, nafa ziwalo mbali imodzi. Ankangogona m'chipinda, maso ali kukhoma. Tsiku lina anati, "Anangozo, ine ndinakulira m'mbali mwa mtsinje. Ndikanangomvako madzi akuyenda ndisanatsikire kulichete." Kumudzi kunali kutali, ndipo thupi lake silikanapirira ulendo wa pabasi.

Mayiyo anabwereka hamala, nagumula mpanda wake wa kuseri.

Anansi anasonkhana. "Mayi, apatu mwatsegulira khomo akuba ndi ntchentche," anatero. Mayiyo anavala jombo za mwamuna wake, natsika ndi khasu ndi thumba. Anavuula zinyalala mpaka manja anatuluka matuza, makina osokera akuchita fumbi m'nyumba.

Tsiku lina m'mawa, atakoka chimatiresi chowola patsinde pa thanthwe, anaona mchenga ukuvina. Anagwada kuti aonetsetse. Anali kasupe, madzi oyera mbee akutumphuka pansi, ozizira ngati a mumtsuko. Zaka zonsezo, pansi pa uve wa dera lonse, kasupeyo anali asanaleke.

Mbiri inawanda. Popeza mipanda ina yonse inali yotseka, anthu ankadzera pabwalo pa mayiyo kuti akaone. Amene anabwera kudzaona anabweranso ndi makasu. Wina anabzala bango, wina mitengo ya katope. Mnansi mmodzi anagumulanso mpanda wake, ndipo m'mbali mwa madzi munatuluka kanjira.

Dzinja litadutsa kunabwera atombolombo. Kenaka achule, nkhanu, ngakhale timatemba. Tsiku lina bambo wodwala uja atamukhazika pampando pamthunzi, madzi akulira m'miyala pafupi ndi mapazi ake, anaona kakowa akutsika pakati pa madenga a malata ndi mawaya a magetsi. Anali woyera ngati nsalu yosadulidwa, ndipo anatera pathanthwe. Ana amene ankasewera pamenepo anaima kuti aone. Bamboyo anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anafunsa motsitsa mawu, "Anangozo, mbalameyi anaiuza ndani?"



Inu amene mukundimva, zilipo zinthu zimene munaziika m'manda zikupumabe. Mayi uja sanalenge kasupe, ndipo sanaitane kakowa. Zimenezo n'zoposa manja a munthu. Iye anangochotsa zimene zinatsekereza. Pitani kuseri kwa nyumba zanu, mukaone chimene munachifulatira. Gawo lanu ndi khasu basi. Zamoyo zimadziwa zokha njira yobwerera kwawo.