Mbereko Yachitsulo ya Elifala

Ana inu, mwambi uliwonse unayamba wakhala mawu a munthu mmodzi, tsiku lina, pamalo ena. Uwu akuti unabadwira m'mbali mwa msewu wa ku Luchenza, nyengo ya chiperoni.

Kumeneko kunali bambo wina wokonza mijigo ndi ngolo, dzina lake Elifala. Anali wosamala kwambiri, wa mtundu uja woti akatseka chitseko amabwereranso kukachigwedeza. Koma mumtima mwake munali loto limodzi limene silinkamva za kusamala. Ali mnyamata anasuzumirapo pa zenera la nyumba yokonzera makina pa esiteti ina ya tiyi, naona makina osemera zitsulo. Chitsulo chinkazungulira, kampeni kakuchisenda ngati mbatata, zosendazo zikugwa zopotanapotana ngati tizingwe ta maungu. Anawaona kamodzi kokha, pagalasi lafumbi, koma kulira kwake kunamutsatira mpaka kukula.

Tsiku lina mlamu wake, amene ankagwira ntchito pa esitetiyo, anabwera ndi nkhani.

"Alamu, makina anu aja akuwataya. Ndakupemphererani, ndipo akuti akafika atsopano mudzatenge akalewo. Koma ndi thunthu lokha. Zomangirirapo zinasowa kalekale."

"Atsopanowo afika liti?"

"Akuti posachedwa."

Elifala anasesa kachisakasa ka kuseri kwa nyumba. Anatenga khala najambula pansi malo amene makinawo adzakhale. Masana ankakhala pamenepo, dzuwa likulowa m'timabowo ta malata, fumbi likuyandama m'kuwalako, iye n'kumaona chitsulo chikuzungulira pamene panalibe kanthu. Nthawi zina mkazi wake Felesiya ankamuitana kangapo asanamve.

Felesiya anali ndi pakati, mwana wawo woyamba. Chipatala chinali kutali, kuseri kwa zitunda, ndipo anali atagwirizana kuti mwezi womaliza ukakwana Elifala adzamunyamula pa njinga kukadikirira komweko.

Loweruka lililonse Elifala ankapalasa njingayo kupita kumsika kwa a Khwinana, mkulu wina amene ankayala zitsulo zakale pa ziguduli. Kumeneko kusamala kwake kunkaonekera. Tupa ankaliyesa pa chikhadabo. Mipeni yosemera ankaigogoda n'kumvetsera, poti yabwino imalira ngati belu, yosweka mkati imalira mogontha. Dzimbiri ankalipukuta ndi palafini mpaka zilembo zitaoneka. Chilichonse chopakidwa penti watsopano ankachikayikira.

"Inu mumasankha zitsulo ngati mukufunsira mbeta," ankatero a Khwinana. "Mawa mudzandifunsa kuti malume ake a tupali ndi ndani."

Pang'onopang'ono chisakasa chinadzaza mipeni, zogwirira mipeni ndi magiya. Zonse zinali zabwino, zopakidwa girizi, zitandandalikidwa mozungulira chithunzi cha khala chija ngati alendo odikira mkwati.

Ndiye Loweruka lina pa chiguduli panaoneka chinthu chimene Elifala ankachisowa kuposa zonse. Unali mutu wa zibwano zitatu, uja amaumanga kumphuno ya makina kuti uzigwira chitsulo pozungulira. Anautembenuza, anatsegula ndi kutseka zibwano zake, analowetsamo ndodo yachitsulo nayesa kuigwedeza. Sinagwedezeke. Panalibe mng'alu ngakhale umodzi.

"Umenewo si wa thumba lanu," anatero a Khwinana. "Koma njinga yanuyo ndakhala ndikuiyang'ana."

Elifala anakhazika mutu wachitsulowo pamiyendo.

"Ndifunseko kaye," anapitiriza mkuluyo. "Mphuno ya makina anuwo munaiyeza? Mazinga omangira mutuwu pamphunopo, ena ndi a inchi, ena a milimita. Paja kwanga kuno chatuluka chatuluka."

Elifala anatsinzina. Anaona zenera lija, chitsulo chikuzungulira, ndipo m'maso mwake mutu umenewu ndi umene unali pamakinawo. Anaganiza kuti akangosema shafuti imodzi ya chigayo, njinga ibwerera pakhomo mwezi usanathe.

"Makinawo ndinawaona ndi maso angawa," anayankha. "Ukwana."

Anabwerera kwawo wapansi, mutu wachitsulowo uli paphewa. Felesiya anali pakhonde akusankha nyemba.

"Njinga ili kuti, bambo?"

Elifala anatula katundu wake nafotokoza zonse, za chigayo, za shafuti, za mwezi usanathe. Felesiya anayang'ana chitsulocho nthawi yaitali.

"Ndiye ine ndidzakwera chimenechi?" anafunsa, nabwerera ku nyemba zake.

Posachedwa wa pa esiteti anatenga masabata ambiri. Kenako m'mawa wina, nkhungu itaphimba mitengo, thirakitala inatulukira pamsewu ikukoka ngolo. Amuna a m'mudzi anathandiza kutsitsa makinawo pa mitengo. Anali aakulu kuposa chithunzi cha khala, moti mchira wake unatulukira pakhomo la chisakasa. Elifala anawasisita ngati ng'ombe.

Anthu atazungulira, iye anapukuta mphuno ya makina, naidontheza mafuta, nanyamula mutu uja ndi manja awiri. Anauika pamphuno nauzunguliza. Unayenda theka la kuzungulira, n'kuima. Anaubweza, anapukutanso, anayesanso. Unaima pomwepo. Mlamu wake anabweretsa nyundo, koma Elifala anamugwira dzanja, poti ankadziwa kuti mazinga okakamiza saukanso. Anawerama n'kuyang'anitsitsa. Mazinga a makina anali otalikirana, a inchi, a kalekale. A mutuwo anali othithikana. Anayesa magiya, mabowo ake anali aang'ono. Anayesa zogwirira mipeni, zinali zazitali. Chitsulo chilichonse chinali chabwino, koma chinali cha makina ena amene iye sanawaonepo.

Anthu anabalalika mmodzimmodzi. Tsiku lomwelo Elifala anathamangira kwa a Khwinana kukafunsa za njinga yake.

"Njinga? Inawoloka malire kalekale, pano ikunyamula chinangwa ku Milanje. Mutu woyenera ndingakufunireni, koma mundibweretsere muyeso, osati maloto."

Sabata yotsatira mwezi wa Felesiya unakwana. Ananyamuka wapansi, Elifala atasenza mtolo wa mkazi wake. Chiperoni chinali chitagwira, minda ya tiyi ikuoneka n'kubisikanso, ngati dziko silinatsimikize zokhalapo. Ankayenda pang'ono n'kupuma. Pachitunda chilichonse Elifala ankamvetsera mpweya wa mkazi wake, akuwerengera m'mutu zimene angachite zinthu zitayambika panjira pomwepo, popanda nyumba, popanda mzimayi wina.

Anafika dzuwa litapendeka, mapazi a Felesiya atatupa. Pachipata cha chipatala panali amayi ogulitsa nsalu. Elifala, pofuna kuchita chinthu chimodzi chabwino tsiku limenelo, anaima natembenukira kwa mkazi wake.

"Mayi, mumtolomu sindinaonemo mbereko. Tigule ino yamaluwayi."

Felesiya anakhala pa mwala natambasula miyendo. Sanakweze mawu.

"Isiyeni, bambo. Mwana timayamba tamuona kaye. Timamunyamula, timamva kulemera kwake, timamva akulira. Mbereko siithawa. Inu munagula yanu yachitsulo mwana asanabadwe, ndipo mwaona mmene watulukira."

Amayi ogulitsa nsalu anaseka chamumtima. Mmodzi anakafotokozera odikirira anzake a Felesiya, ndipo aliyense pobwerera kwawo ndi khanda anatenganso mawuwo. Mwana wa Felesiya anabadwa bwino, wamkazi, ndipo mbereko anaigula tsiku lotuluka. Elifala anakayeza mphuno ya makina ake, koma mutu woyenera anaupeza mwanayo atayamba kale kuyenda.

N'chifukwa chake mpaka lero timati, "Osagula mbereko mwana asanabadwe." Mwambiwu sukuletsa kulota, ndiponso sukuletsa kukonzekera. Ukutichenjeza kuti tisataye chimene tili nacho m'manja chifukwa cha chinthu chimene sichinafike, chimene sitinachione bwino kapena kuchiyeza. Elifala sanagule chinthu choipa ngakhale chimodzi. Anangogulira mwana wa m'maloto, ndipo amene anayenda wapansi chifukwa cha zimenezo ndi mayi wa mwana weniweni. Inunso, ana anga, mukadzamva mtima ukuthamangira kutsogolo, mudzayambe mwacheuka n'kuona amene mukumusiya akuyenda wapansi.