Malo a Che Ligomba

Khansala Kassimu Chindamba adafika pamzikiti wathu Lachitatu masana, swala, mapemphero athu aja, itangotha. Adapeza Shehe Yahaya Likongwe, Mulungu awachitire chisoni, atakhala pamkeka pakhonde, akupinda sanda, nsalu yoyera ija timakulungira maliro. Ine ndinali pomwepo, poti ndimaphunzitsa madrasa pamzikitipo.

A Chindamba anali munthu wolimbikira ntchito, zimenezo sindingawamane. Vuto lawo linali lofuna kuti aliyense adziwe. Chaka chimenecho khonsolo idatulutsa ndalama zomangira nyumba khumi ndi ziwiri za anthu osowa pokhala, ndipo mndandanda wa maina unali m'manja mwawo.

Atapatsana salamu, a Khansala adati, "Shehe, ndabwera kudzakupemphani kuti mudzatichitire duwa, pemphero lopempha madalitso, tsiku lokumba maziko. Maina ndikukapereka mawa."

"Alhamdulillah, ntchito yabwino imeneyo," adatero Shehe. "Kodi Che Ligomba alipo pamndandandapo?"

Che Ligomba anali telala wokalamba. Nyumba imene ankachita lendi idagwa ndi mvula ya chaka chathacho, ndipo kuyambira pamenepo ankagona pakhonde la sitolo kumsika, pambali pa makina awo osokera. Dzinja lina linali pafupi, ndipo chifuwa chawo tinkachimva ngakhale pakati pa swala.

"Ndawachotsa," adayankha a Khansala. "Lamulo likuti wolandira nyumba akhale ndi puloti yake komanso kalata ya kwa amfumu. Iwo aja ndi obwera, kwawo sitikudziwako. Malo a khonsolo alipo, nditafuna ndikhoza kuwapemphera. Koma ndikayamba kugawa malo kwa aliyense wogona pakhonde, ndidzathera pati? Inu ndinu ophunzira, Shehe. Tandiuzani ngati ndalakwa potsata lamulo."

Adafunsa ngati munthu amene yankho ali nalo kale m'thumba. Ine mtima udandiwawa, ndipo ndikadayankha ndine, zikadaipa.

Shehe adamaliza kaye kupinda nsalu ija. Kenaka adati, "Za malamulo a khonsolo ine ndine mbuli, mukuzidziwa ndinu. Ndiloleni ndifunse za kuno kwathu. Wapampando wa komiti ya manda mukadali inu, eti?"

"Ndine, Shehe. Chino ndi chaka chachisanu ndi chitatu."

"Che Ligomba atamwalira dzinja lino, Mulungu atalikitse, mungakawaike kuti?"

"Kumanda kwathu. Ndi Msilamu mnzathu."

"Kalata ya kwa amfumu mungaifune?"

"Iyayi, Shehe. Chiyambire sitidafunsepo kalata pamaliro."

"Nanga puloti?"

"Malo ndimaloza ndine," adatero a Khansala, mawu atayamba kutsika. "Anthu amabwera ndi makasu awo. Tikawagoneka, timatseka bwinobwino ndi mitengo, n'kumata, kuti dothi lisawagwere."

"Ndi angati amene mudawabweza chifukwa ndi obwera?"

A Khansala ankangotembenuza foni yawo m'manja.

Pamenepo Shehe adanyamula sanda ija ndi manja awiri, naiika pamiyendo pa mlendo wawo. Adalankhula motsitsa, monga ankachitira nthawi zonse.

"Ndiye kuti malo a Che Ligomba alipo kale. Amisiri alipo, denga lilipo, chofunda chatsopano ndi ichi. Zonsezi mudzawapatsa tsiku limodzi, osafunsa kwawo, ndipo inu nomwe mudzawanyamula paphewa mpaka kukawalowetsa. Chimene mukudikira n'chakuti asiye kupuma, basi. Ine duwa ndidzabwera kudzachita, a Khansala. Koma mndandanda uli ndi inu mpaka mawa, ndiye mundisankhire ndinu: Che Ligomba ndidzawachitire iti, ya pamaziko kapena ya pamanda?"