Ndege Yaulele ya a Linah

Pa msika wa Lundazi palibe amene sadziwa shopu ya a Linah, ija ya zikwama ndi nsapato zonyezimila. Katundu wao sapikula ku Chipata ngati anzao, ayi. Iwo amakwela ndege, ndipo ulendo ulionse kampani ya ndegeyo imawalembela mamailosi, amene ukawasunga okwanila amakupatsa tikiti.

Ndiye mng'ono wao Faides, wokwatiwa ku Nairobi, anabeleka mwana woyamba. A Linah anaima pakati pa msika, foni m'mwamba.

"Amama akupita kukasambitsa mdzukulu. Pa ndege! Ndipo sindilipila ngakhale ngwee."

A Belinda, a shopu yoyandikana nayo, anatsokomola. "Anzanga, mwafunsa bwino? Ndege imamwa mafuta, siimwa mamailosi."

"Inu munaikwelapo? Muziyankha za minibasi ya ku Chikomeni."

Msika wonse unafa ndi phwete, a Belinda n'kubwelela ku nsapato zao.

A Linah kufunsa sanafunse. Ndalama zonse anazithila pa amai ao, a Nyazimba: pasipoti, sutikesi ya mawilo, zitenje zosoketsa, mpaka magalasi a dzuwa. Ku Mwase Lundazi, kumudzi kwa amaiwo, nkhani inayenda ngati moto wa lupsa. Azimai a ku chalichi anabwela ndi nshawa, ufa ndi nyemba zoti akapatse Faides. Anapemphela, anaimba, n'kuwapelekeza a Nyazimba mpaka pa mseu, nthungululu zili pakamwa.

Amai atafika kwa mwana wao pa Boma la Lundazi ndi mitolo yao, m'pamene a Linah anakhala pansi kuti atenge tikiti ija. Mamailosi anakwana ndithu. Koma m'munsi mwake munatuluka ana a njoka: ndalama ya mafuta a ndege, msonkho wa bwalo la kuno, msonkho wa bwalo la uko. Kuphatikiza zonse, akuti, munthu ukanagula thole. Anaimba foni ku kampani, mau ali pamwamba.

"Mamailosi alipila mpando chabe, amai," anatelo mtsikana wa kumeneko mwaulemu. "Mafuta ndi misonkho ndi zanu."

A Linah anayang'ana foni ngati yawatukwana. A Nyazimba anali pa mkeka, akuyesa magalasi aja, koma makutu ao sakalamba.

"Mwana wanga, ngati zavuta ndiuze. Koma ku Mwase sindibwelela ndi nshawa za anthu. Anandiimbila kale nyimbo. Ndikawauza kuti ndege yathela kuti?"

"Mupita, amama."

M'mawa mwake a Linah anavala diresi yao yabwino koposa, nadutsa shopu yao, n'kulowa mwa a Belinda.

"Monile, a Belinda."

"Yewo. Lelo dzuwa latulukila kuti?"

"Zikwama zanga mumazisilila. Tengani zonse, ndi nsapato zomwe, pa mtengo umene ndinapikulila."

"Zonse? Kodi ndege ija yamva ludzu?"

"Yamva. Ndipo woimwetsa ndine. Mugula, kapena ndipite kwa ena?"

A Belinda anagula, atatsitsanso mtengo, poti njoka yogona m'njila saisiya.

Sabata isanathe, chithunzi chinafika: a Nyazimba ku Nairobi, atagwada pa beseni, kamdzukulu kali m'manja, thovu mpaka m'zigongono. A Linah anachionetsa kwa aliyense, ogulitsa tomato, a njinga, ngakhale munthu wongofunsa njila. Kumbuyo kwao mashelefu ali mbee, ngati munda wokolola kale.

Wina wa pakamwa poyabwa anafunsa, "Nanga inali yaulele?"

"Amama anga akwela ndege," anayankha a Linah. "Anu anafika pati?"

Yankho lake ndi lokoma. Koma mpaka lelo a Linah akagulitsa, amagulitsila a Belinda zikwama zimene zinali zao. Akulu sananame: safunsa anadya phula.